Mkamwini wa Nachanza pa Nyenyezi ya Mchira

Kuseri kwa mapiri uko, komwe basi imafika mochita kukankha, kuli ufumu wotchedwa Dikirakaye. Musavutike kuufuna pa mapu. Mapu ake alipo, koma sanatsegulidwe.

Ndati sanatsegulidwe, ndipo mumvetsetse pomwepo chifukwa ine zobwerezabwereza sindizifuna. Mfumu ya kumeneko, Mkomaphwando Wachiwiri, inali ndi sizasi yagolide imene inkagona nayo kumutu. Lamulo lalikulu la dzikolo linali lakuti chinthu chilichonse chatsopano chisagwire ntchito mfumu isanadulepo liboni. Mlatho ukatha ankaumanga liboni lofiira, anthu n'kumawolokera kunsi kwake atapinda zovala, ng'ona zikusankha miyendo yonona. Mjigo wa ku Mpandowanga, likulu la dzikolo, unachita dzimbiri ukudikira sizasi. Chipatala cha amayi chinadikira mpaka ana amene ankayenera kubadwiramo anayamba kumeta ndevu. Chimbudzi cha pamsika wa Tsitsaniko ndiye tisanene. Alendo ankawaonetsa kukongola kwake, akatero n'kuwaperekeza kutchire.

Si kuti mfumuyo inali yaulesi, ayi. Kungoti sinkadula liboni popanda ng'oma, amayi ovina, ng'ombe yophedwa ndi wojambula. Ng'oma zikapezeka, ng'ombe inali itadwala. Ng'ombe ikachira, wojambula ali kumaliro.

Tsono chaka china, nyengo yotentha ija mango asanapse, kumwamba kunatulukira nyenyezi ya mchira. Pamsika anaitcha Namchira. Ana ankaiimbira, agalu ankaiuwa. Mfumu itaiona, nkhope inagwa.

"Chimenecho watsegula ndani?" inafunsa bwalo la nduna.

Nduna zinayang'anana. A Chimlomo, Nduna ya Zakumwamba ndi Madyerero, anagwada. "Mwinidziko, chikuwala popanda chilolezo. Imeneyi ndi ntchito ya adani."

Anaitana Dokotala Chisambi, mayi wowonda amene anaphunzira za kumwamba mpaka tsitsi kuyera.

"Mwinidziko," anatero Dokotala, "chimenecho ndi chibuma cha madzi oundana osakanikirana ndi fumbi, kukula kwake ngati phiri. Chikungodutsa. Chikazungulira dzuwa chilowera kutali, ndipo pobweranso chidzapeza tonsefe tili kumanda. Mutatilola, titumize kachombo ka miyendo itatu, kakatere pamsana pake, kakakande dothi lake tione kuti n'lotani."

"Kachomboko kakafika kakaomba m'manja?"

"Ayi, Mwinidziko. Ndi makina."

"Kakatchula dzina langa?"

"Makina satchula maina."

"Ndiye muikemo munthu. Ndipo munthuyo asayerekeze kubwerera wopanda dothi."

M'mawa mwake a Chimlomo anafika pamsika wa Tsitsaniko ndi chinkuzamawu.

"Tamverani! Boma likufuna munthu wolimbikira ntchito, wosayankha, wodya pang'ono, wogona pamene wauzidwa, woti ngakhale mutamutuma kopanda njira sangafunse chifukwa!"

Nasoko, mayi wogulitsa tomato, anayankha osadzutsa mutu. "Ameneyo si munthu, bwana. Ameneyo ndi mkamwini."

Msika wonse unafa ndi phwete. A Chimlomo okha sanaseke. Anangogwedeza mutu ngati munthu amene watola nkhwangwa panjira.

Pafupi ndi Nasoko pankakhala Nachanza, wogulitsa nyemba. Mayi ameneyu pa malonda analibe chisoni. Munthu ankabwera kudzanenerera mtengo, n'kuchoka atagula nyemba zimene sankazifuna, atasesanso pamalopo, n'kuthokoza. Ndipo dziko lonse linkadziwa kuti mkamwini woposa onse anali wa Nachanza. Dzina lake Zefaniya, mwamuna wa mwana wake Sitiveliya. Mnyamata wamtali, wofatsa, khasu silinkachoka paphewa. Ulemu wake kwa apongozi unali wochititsa mantha. Chikwatirire pakhomopo, anali asanawayang'anepo kumaso. Akakumana nawo panjira, ankapatuka mothamanga, kulowa patchire, kunjuta kuseri kwa chitsamba, osadzuka mpaka atamva kuti apongozi adutsa. Tsiku lina ananjuta pa linthumbu, osasuntha.

Nayenso Nachanza mwambo ankausunga. Sankalankhula ndi mkamwini wake pamaso. Akafuna kumutuma, ankalankhula ndi thadzi lake lakuda. "Iwe nkhuku, kodi ukuona kuti nkhuni zatha?" Posakhalitsa nkhuni zili mbwee pakhomo. Nkhukuyo inkayenda modzitukumula ngati ntchitozo imagwira ndiyo.

Tsiku limenelo Zefaniya anali atangosasula denga la nyumba ya apongozi ake. Udzu wakale anaugwetsa wonse, watsopano unali pansi m'mitolo, chinkasowa ndi luzi lokha, poti nkhalango yokhayo yotsala m'deralo inali yobzala boma ndipo inali isanatsegulidwe. Ali pamwamba pa phaso akuganiza kuti luzi alipeza kuti, asilikali anafika. Anamutsitsa, anamukweza pa lole. Iye sanafunse chifukwa. Anangopempha kuti atenge khasu lake.

Nachanza pochokera kumsika analowa m'nyumba n'kuona mitambo. Sitiveliya, amene anali ndi pakati potopa, anali pakhonde akulira.

"Amayi, atenga amuna anga! Akuti apita nawo kumwamba!"

"Atenga denga lisanathe?"

"Amayi, ndikunena za mwamuna wanga!"

"Inenso ndikunena za yemweyo. Mwamuna wako ndi denga langa ndi chinthu chimodzi. Ukufuna kuchirira pamtetete ngati mbuzi?"

Chombo anachitcha Tafikamo. Tsiku lonyamuka zinthu zinayenda bwino modabwitsa: ng'oma zinalipo, ng'ombe inafa, amayi anavina. Mfumu inadula liboni katatu chifukwa wojambula ankayetsemula. Chombo chinabangula, chinalavula moto, chinapita. Chinayenda, chinayenda, mpaka tsiku lina mawu a Zefaniya anamveka pa wailesi ya m'nyumba yoyang'anira chombo.

"Zikomo kumeneko. Ndafika. Ndikuiona pansi panga. Ndi yakuda bii, yokumbikakumbika ngati msewu wa kwathu."

Dokotala Chisambi anawerama pa cholankhulira. "Mwachita bwino, a Zefaniya. Tsono tsitsani miyendo, mutere pang'onopang'ono pamalo osalala paja tinagwirizana."

"Taimani!" A Chimlomo anadumpha pampando. "Nyenyezi imeneyo yatsegulidwa?"

Onse anawatembenukira.

"Ndikufunsa. Munthu wamba akaponde malo atsopano mfumu isanadulepo liboni? Mukufuna tonse tikagone kundende? Mnyamata iwe, uzizungulira pomwepo. Usatere. Dikira kaye."

"Chabwino, bwana," anatero Zefaniya, n'kuyamba kuzungulira.

Bwalo la nduna linakumana, linadya, linakumananso. Wina anati mfumu ipite yokha ikadule. Anapeza kuti m'chombo simungakwane amayi ovina, ng'ombe ndi galimoto zoperekeza. Wina anati atumize sizasi yokha. Ameneyo anamuchotsa unduna pomwepo. Mapeto ake a Chimlomo ndiwo anatulukira nzeru: asoke liboni lalitali lochokera pakhonde la nyumba yachifumu kukafika pa nyenyeziyo, mfumu idzadulire kunsi kuno itakhala pamthunzi.

Lamulo linatuluka lakuti nsalu iliyonse yofiira ndi ya boma. Zofiira zitatha anati yofiirira. Zofiirira zitatha anati nsalu iliyonse imene inayamba yayanikidwapo pafupi ndi yofiira. Atelala onse a mu ufumuwo anawasonkhanitsa pabwalo la mpira, makina kulira usana wonse, liboni kuunjikana mpaka kuphimba magolo.

"Likatha alimanga pati kumwambako?" anafunsa Nasoko pamsika, atavala chiguduli poti chitenje chake chinali chitapita kukatumikira dziko.

"Akuti pamchira," anayankha wogulitsa makala.

"Nanga alikweza ndani?"

"Akuti zimenezo zili m'gawo lachiwiri la ntchito."

"Gawo lachiwiri ndi lija tikudikira la chimbudzi?"

"Ayi, la chimbudzi ndi lachitatu. Lachiwiri ndi la mlatho."

Nachanza sankaseka nawo. Iye maso anali kum'mawa, komwe mitambo inayamba kuda. Kamvula koyamba kanagwa, kananyowetsa mphasa zake, ufa ndi theka la thumba la nyemba. Sitiveliya anagona atafunda beseni.

Tsiku lotsatira Dokotala Chisambi anabwera kudzagula nyemba, maso ali gwa ngati munthu wosagona. Nachanza anamugwira dzanja.

"Inu si amene mwaika mkamwini wanga m'chitini? Abwera liti?"

Dokotala anapumira m'mwamba. "Mayi, ndikuuzeni zoona. Namchira wayamba kutembenuka. Mkamwini wanu akapanda kutera msanga n'kunyamuka, nyenyeziyo imutenga. Kubwerera wopanda dothi mfumu inaletsa. Kutera nduna yaletsa. Ine ndalankhula mpaka mawu kusasa."

"Imutenga kupita naye kuti?"

"Kutali. Mdzukulu wanu adzakalamba asanamuone."

Nachanza anaganiza za mnyamata uja wonjuta pa linthumbu. Anatsokomola n'kunena kuti, "Nanga denga langa?" Anathira nyemba m'jumbo ya Dokotala, osaika basera, n'kuyamba kulongedza.

Dzuwa lili pamutu, alonda a pakhomo la nyumba yoyang'anira chombo anaona zodabwitsa. Kutsogolo Nachanza, mphasa pamutu, mbaula kudzanja, thadzi lakuda kukhwapa. Kumbuyo Sitiveliya ndi mimba yake, atanyamula beseni.

"Amayi, muno salowa anthu wamba."

"Muno muli denga?"

"Lilipo."

"Kwanga kulibe. Wofolera munatenga ndinu. Tasunthani."

Mlonda anafuna kutsutsa, koma anali ndi apongozi nayenso, ndipo mawu amenewo anawazindikira. Anasuntha.

M'katimo munali mfumu yeniyeniyo, itabwera kudzajambulitsa pafupi ndi makina. Nachanza anagwada pang'ono, pamlingo wa lamulo basi, n'kuyala mphasa pakati pa mawaya. Pakhoma panali kanema wamkulu woonetsa nyenyezi ija, yakuda ngati khala, ikufuka nthunzi. Pa wailesi Zefaniya ankaimba kanyimbo kolimira motsitsa, mawu ofooka ngati a munthu amene wakhalira chiponde chokha.

"Mayi uyu ndani?" inafunsa mfumu.

"Mpongozi wa woyendetsa chombo, Mwinidziko," anatero a Chimlomo. "Timutulutsa pompano."

"Mundiyese," anatero Nachanza. Anayang'ana uku ndi uku pofuna poika nkhuku, ndipo malo okhawo opanda mapepala anali pafupi ndi cholankhulira. Anaikhazika pomwepo. Kanyimbo ka Zefaniya kanamulowa m'khutu, mtima unamuwawa, ndipo Nachanza mtima ukamuwawa ankakalipa.

"Iwe nkhuku!" anakuwa. "Taona anthu ena zimene akuchita. Kuimba nyimbo kumwamba, kuno ufa ukunyowa! Kuzungulirazungulira ngati ntchentche pa chilonda, mkazi ali pafupi kuchira!"

Nyimbo inaduka. Pa wailesi panamveka kupuma kwa munthu amene waona njoka.

"Mayo! Apongozi panjira!"

Tsono inu mukudziwa kale zimene Zefaniya ankachita akakumana ndi apongozi. Sanaganize za mfumu, sanaganize za liboni. Thupi linangochita zimene linazolowera. Anakhotetsa chiwongolero, chombo chinapatuka panjira yake yozungulira, chinatsika mothamanga kufuna tchire lobisalapo. Pa kanema anthu anaona nyenyezi ikukula, ikukula, kenako fumbi kobo!

"Watera!" anakuwa Dokotala Chisambi.

Koma nyenyezi yotere ilibe mphamvu yogwira zinthu ngati dziko lathuli. Chombo chinanjanja ngati mpira wachikulunga, chinauluka, chinagwa, chinanjanjanso, mpaka chinakagwera kuseri kwa chithanthwe chachikulu, pamthunzi wandiweyani. Pomwepo miyendo itatu ija inapindika. Chombo cha boma, chotchedwa Tafikamo, chinanjuta.

A Chimlomo anakomoka. Anawathira madzi a m'beseni la Sitiveliya, anatsitsimuka, anakumbukira chimene chachitika, anafuna kukomokanso koma mfumu inawaponda phazi.

"Waponda nyenyezi yanga ndisanaitsegule!" inabangula mfumu.

"Mwinidziko, vuto lalikulu si limenelo," anatero Dokotala, zala zikuthamanga pa mabatani. "Chombochi chimadya dzuwa. Mapiko ake a sola akakhala pamthunzi, mabatire atha. Akatha, sichinyamukanso. A Zefaniya! Mukundimva? Chokani pamthunzipo!"

Mawu anabwera monong'ona. "Kodi adutsa?"

"Ndani?"

"Apongozi."

Mfumu inakankha Dokotala n'kugwira cholankhulira. "Mnyamata iwe, ndine Mkomaphwando Wachiwiri, mwini mapiri ndi zigwa, mwini sizasi. Ndikukulamula, dzuka!"

"Pepani, Mwinidziko. Kumanga mukhoza kundimanga. Koma apongozi ali panjira."

A Chimlomo anayesa kumuopseza ndi ndende. Anayesa kumunyengerera ndi mendulo. Sitiveliya analira pa cholankhulira, "Abambo, dzukani, ndine!" Zefaniya anangoti, "Ndakumva, mayi, koma tayang'ana ngati adutsa." Kagetsi kobiriwira ka pa makina kanayamba kuphethira, mawu a wailesi kuchepa. Maso onse anatembenukira pa mphasa paja.

Nachanza anali atayatsa mbaula, akusankha nyemba.

"Mayi," inatero mfumu, "muuzeni kuti mwadutsa."

"Ine sindilankhula ndi akamwini anga. Si mwambo."

"Uzani nkhukuyo."

"Nkhuku yanga situmidwa ulere."

Kagetsi kaja nayenso ankakaona. Koma Nachanza anakulira pamsika. Ankadziwa kuti wogula akatuluka thukuta, wogulitsa sathamanga.

"Tikupatsani mendulo yaulemu," anatero a Chimlomo.

"Mendulo imatchinga mvula?"

"Titcha msewu dzina lanu."

"Uti? Uja wosatsegulidwa?"

"Nanga mukufuna chiyani, mayi inu?" inafunsa mfumu, thukuta lili kamukamu. Inkaopa kuti mafumu oyandikana nawo adzamva kuti Dikirakaye anataya chombo chifukwa cha mpongozi.

Nachanza anataya kamwala kamene anapeza mu nyemba. "Akatsika, asapite ku phwando, asapite ku wailesi, asapite kundende. Achoke m'chitinimo alunjike padenga langa."

"Koma waphwanya lamulo!" anatero a Chimlomo. "Watera!"

"Inu a nduna, maso muli nawo? Taonani pakanemapo. Munthu uja watera kapena wanjuta?"

A Chimlomo anayang'ana. Anayang'ana mfumu. Nkhope yawo inawala pang'onopang'ono. "Mwinidziko, zoonadi. Lamulo limaletsa kugwiritsa ntchito malo atsopano. Silinena kanthu za kunjuta. Boma lilengeza kuti chombo sichinatere. Changopereka ulemu."

"Zatheka," inatero mfumu. "Lankhulani ndi nkhukuyo."

"Sindinamalize. Ndikufunanso liboni lija lili pabwalo la mpira."

"Liboni la dziko? Mukatani nalo?"

"Luzi kulibe. Nkhalango simunatsegule. Denga ndimangira chiyani, malovu?"

"Tikupatsani kachidutswa."

"Lonse."

"Theka."

"Lonse. Lotsala ndibwezera eni ake, akuyenda ndi ziguduli."

Kagetsi kanasanduka kofiira. Dokotala anagwira kumutu. Sitiveliya anati, "Amayi, chonde!" Mfumu inayang'ana kagetsiko, inayang'ana wojambula amene ankajambula zonsezi osayetsemula ngakhale kamodzi, n'kugwetsa manja.

"Tengani."

Nachanza anadzuka mofulumira kuposa mmene anafunira kuonetsa, nyemba n'kumwazika. Anaigwira nkhuku ija n'kuiyandikiza pa cholankhulira.

"Iwe nkhuku, ine ndadutsa. Ndapita kumsika, ndili kutali. Ngati pali munthu wabisala penapake, adzuke, atenge zimene anamutuma, abwere kwawo. Anthu akumudikira." Kenako anawonjezera mokalipa, "Udzu ukuola!"

Pa kanema anthu anaona chitseko cha chombo chikutseguka. Zefaniya anasuzumira, atavala chisuti chake chotupa ndi chigoba chagalasi kumutu. Anayang'ana kumanja, kumanzere. Ataona kuti njira ili yoyera, anatuluka. Poti kumeneko zinthu sizilemera, anachigwira chombo chija, anachisenza pamutu ngati mtolo wa udzu, n'kukachitula padzuwa. Kagetsi kanabwerera kubiriwira. Alonda analuluta ngati amayi.

Kenako anatenga khasu. Dokotala anamuuza kuti akande pang'ono chabe, adzaze kathumba. Zefaniya anakhapa kamodzi, kawiri. Dothi linali lofewa pamwamba, lolimba pansi. Anakhapanso. Anthu atazindikira, mnyamata anali ataunga mizere itatu yowongoka bwino, akuyamba wachinayi.

"A Zefaniya, mukutani?" anakuwa Dokotala.

"Pepani, manja anazolowera. Malowa ndi ogona, bwana, sanalimidwepo."

"Iwe nkhuku," anatero Nachanza, "munthu amalima munda wa eni, wa apongozi ake uli thengo?"

Thumba linadzaza nthawi yomweyo, chitseko chinatsekeka, chombo chinanyamuka. Namchira anapitiriza ulendo wake ndi mizere itatu ndi theka pamsana. Amene adzakhale ndi moyo akadzabweranso, adzaone ngati mwamera kanthu.

Tafikamo anagwera m'dambo la kuseri kwa msika, achule n'kubalalika. Nduna zinathamangira thumba lija. Koma paulendo wonsewo madzi oundana aja anali atasungunuka, ndipo m'thumbamo munali matope akuda onunkha ngati mazira oola. Dokotala Chisambi anawatapa mosamala, misozi ili m'maso. "Fumbi ili ndi lakale kuposa mapiri, kuposa dziko lenilenili," anatero.

"Kuposa banja lachifumu?" anafunsa a Chimlomo.

"Kutalitali."

"Ndiye mwalakwitsa. Mukayezenso."

Matopewo anawathira mu ndowa, anaivundikira, anaika mlonda, kudikira tsiku lotsegulira. Kungoti Dokotala tsiku limenelo anapita kunyumba atanyamula botolo la tiyi mosamala kwambiri, ndipo palibe amene anamufunsa kuti tiyi wake wada chonchi bwanji.

Zefaniya sanaone zonsezi. Anatsika m'chombo, anapatsa moni mkazi wake, anamva kutsokomola kwa apongozi chapatali, ananjuta kuseri kwa chulu, apongoziwo atadutsa analunjika padenga. Liboni linabwera pa ngolo zokokedwa ndi ng'ombe. Analing'amba m'timizere, anamanga phaso, anamanga mbalo, anafolera udzu, mfundo iliyonse yofiira. Denga la Nachanza linkaoneka ngati mkwatibwi. Lotsala amayi a pamsika anagawana, ndipo Nasoko anapeza chitenje chake chitalumikizidwa ndi katani wa ku khoti, n'kuvala zonse ziwiri.

Mwana anabadwa pansi pa denga limenelo, wamkazi, wolira mokalipa ngati agogo ake.

Mbiri ya denga lofiira inafika kunyumba yachifumu. Mfumu inamva kuti mu ufumu wake muli chinthu chatsopano chokhala ndi maliboni ambirimbiri, chosatsegulidwa, ndipo anthu akugonamo kale. Zala zinayamba kuyabwa. Mwamwayi ng'oma zinalipo, ng'ombe inali bwino, wojambula anali atachira chimfine. Gulu lonse linanyamuka ulendo wa kwa Nachanza.

Atangofika, kumwamba kunang'ambika. Mvula yake ya matalala. Amayi ovina anathawira pansi pa ngolo, oimba ng'oma anafunda ng'oma zawo, ng'ombe inadula chingwe n'kuthawa. Mfumu, nduna ndi wojambula anathamangira m'nyumba ya Nachanza osaodira n'komwe. Munali mouma gwa, mofunda, mukununkhira nyemba. Sitiveliya ankayamwitsa pakona. Zefaniya anali atanjuta kuseri kwa chitseko, poti apongozi anali m'nyumba.

A Chimlomo anakonza kukhosi, madzi akuchucha m'makutu. "Mayi, monga mwa lamulo, denga ili silingagwire ntchito Mwinidziko asanadulepo liboni."

Nachanza sanadzuke n'komwe. Analoza m'mwamba ndi chipande.

"Si ilo, lili ponseponse. Asankhe okha. Lija la pakatilo ndiye lagwira mtanda waukulu, ayambe ndi limenelo."

Mfumu inatulutsa sizasi yagolide. Inakwera pa mtondo. Inagwira mfundo yofiira ija, inaika sizasi. Kunja chiphaliwali chinang'anima, bingu linagunda, matalala anamenya udzu ngati akupuntha mapira. Mfumu inayang'ana mfundoyo, inayang'ana mtanda umene unali pamwamba penipeni pa chipewa chake, inasuzumira pakhomo n'kuona amayi ovina akunjenjemera pansi pa ngolo.

Inatsika pa mtondo pang'onopang'ono, n'kubweza sizasi m'thumba.

"Mwambowu tauimitsa kaye," inatero. "Tidikire kuti nyengo ikhale bwino."

"Mukatero nyengo ya mvula ikatha kumabwera mphepo, Mwinidziko," anatero Nachanza. "Ikatha mphepo, dzuwa."

"Tidzaona gawo lachiwiri."

Anakhala pamenepo mpaka mvula kukata, mfumu pa mtondo, nduna pa thumba la nyemba, onse ouma pansi pa chinthu chokhacho mu Dikirakaye chimene chinkagwira ntchito. Nachanza anawayang'ana alendo akewo, anayang'ana mphika wake, anaona kuti nyemba sizikwana. Anatembenukira kwa thadzi lakuda lija, limene linali litadzipinda pafupi ndi mbaula.

"Iwe nkhuku," anatero, "mjigo uja wa ku Mpandowanga wangomangidwa ndi kaliboni kamodzi. Kodi ukuganiza kuti munthu wolemekezeka amene wabisala mvula m'nyumba ya eni, sizasi ili m'thumba, angalipire bwanji malo?"

Kuseri kwa chitseko Zefaniya anayamba kudzuka, poganiza kuti atumidwa ndiye. Koma mfumu inali itaimirira kale.